Gemu yothamangitsidwa imaoneka

Tikapita kutchuthi ku Mangochi, m'timashopu ta PlayStation mumakhala modzaza anyamata. Ambiri amasewera mpira, koma enafe timakonda magemu amene umakhala munthu wa m'nkhaniyo n'kumasankha wekha chochita. Magemu otere sachedwa pachabe: chosankha chilichonse chimatsegula njira yake, ndipo njira iliyonse imafunika wina aiyese ali ndi mutu wabwino.

Taonani Cyberpunk 2077. Kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland inasintha katatu tsiku loitulutsa. Mu Seputembala 2020 inalamula antchito kugwira masiku 6 pa sabata, chonsecho inali italonjeza kuti sidzawakakamiza. Gemuyo inatuluka pa 10 Disembala 2020. Pa PlayStation 4 inkangozima, anthu a m'nkhaniyo akudutsa m'makoma. Patangotha sabata, Sony inaichotsa m'sitolo yake n'kuyamba kubweza ndalama, ndipo inabwereramo mu Juni 2021.

Ife sitikuloza chala antchito otopawo. Mlandu ndi wa mabwana amene anakakamira kugulitsa nyengo ya Khirisimasi isanadutse. Ku Monkey Bay, mmisiri akakankhira boti m'madzi asanamate mipata, asodzi sangalikwere. Koma Cyberpunk anthu mamiliyoni anali atalipira kale asanaione n'komwe.