Intaneti ibwere ku Makhanga, koma isatseke njira ya mawu

Amene anagwirako ntchito m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akukumbukira mkangano umene unkabuka chifukwa cha foni yapansi. Intaneti itangofika kumene m'dziko muno, kompyuta inkalumikizidwa pa waya yemweyo wa lamya kudzera m'kachipangizo kotchedwa modemu. Modemuyo inkaimba nambala ngati munthu, n'kuyamba kulira mosokosera, ndipo ikangolumikiza, waya yense ankakhala wake. Woimba kuchokera kunja ankangomva kuti foni ili bize, ndipo wina akainyamula m'chipinda china, intaneti inkaduka pomwepo. Liwiro lakenso silinkapitirira makilobiti 56 pa sekondi. Nkhaniyi ingaoneke yakale ndiponso ya m'tauni, yosamukhudza mlimi wa ku Makhanga, m'dera la mfumu yaikulu Mlolo ku Nsanje. Komabe momwe akatswiri anathetsera mkanganowo muli phunziro lomwe chigwa cha Shire chikulifuna lero. Iwo anabweretsa intaneti yothamanga pa waya yemweyo, koma anaonetsetsa kuti mawu a munthu asalandidwe malo. Mfundo imeneyi ndi imene bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA pamodzi ndi makampani a TNM ndi Airtel ayenera kuigwiritsitsa pokonza netiweki ya madera osefukira madzi.

Chimene akatswiriwo anaona n'chakuti waya wa kopa amatha kunyamula zambiri kuposa zimene lamya inkamusenzetsa. Mawu a munthu pa foni amangofuna mafunde apansipansi, kuyambira ma hertz 300 kufika 3,400, ndipo malo onse a pamwamba pake ankangokhala osagwira ntchito. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Bellcore ku America, mmodzi mwa iwo Joseph Lechleider, anaganiza zoyendetsa intaneti m'malo opanda kanthuwo. Pofika 1999, bungwe la ITU linavomereza njira yotchedwa ADSL, yomwe inkatha kufikitsa mamegabiti 8 pa sekondi pogwiritsa ntchito mafunde oyambira pafupifupi ma hertz 25,000 kukwera mpaka kupitirira miliyoni imodzi. M'nyumba munkangofunika kabokosi kakang'ono ka mabowo awiri, lina lolowetsa foni, lina lolowetsa modemu. Kabokosiko kankasefa mafunde kuti a intaneti asamveke m'khutu mwa woyankhula, ndipo pakati pa magawo awiriwo anasiyapo mpata dala. Chinanso chofunika kwambiri n'chakuti foni yapansi inkapeza mphamvu yake kuchokera ku likulu la lamya kudzera pa waya yemweyo. Magetsi akazima, modemu inkazima nawo, koma foni inkalirabe. Pa zinthu ziwiri zogawana waya mmodzi, chimene chinkatsala pa nthawi ya mavuto chinali mawu.

Njirayi inali ndi malire ake. Mafunde a ADSL amafooka waya akamatalika, moti nyumba yomwe ili pa mtunda woposa makilomita pafupifupi asanu kuchokera ku likulu sinkapindula nayo kwenikweni. Kampani ya MTL, yomwe inabadwa m'chaka cha 2000 boma litalekanitsa ntchito za lamya ndi za positi, inapereka ADSL makamaka m'mizinda, ndipo ngakhale kumeneko inavutika ndi akuba odula waya kukagulitsa ngati zitsulo. Waya wa kopa sanafike m'makomo a anthu wamba a ku Makhanga, ku Osiyana kapena ku Muona, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti adzafika. Waya wa anthu a tsidya la kum'mawa kwa Shire ndi nsanja ya netiweki. Pa nsanja imodziyo pamadutsa zonse: mayi woimbira mwana wake wa ku Limbe, ndalama za Mpamba ndi Airtel Money, uthenga wa mphunzitsi wopita ku ofesi ya maphunziro, zithunzi za pa WhatsApp ndi makanema a pa Facebook. Mkangano uja wa m'maofesi wangosamuka kuchoka pa waya kupita mumlengalenga, ndipo funso lake ndi lomwe lija: malo akachepa, ayambe kudutsa ndani?

Yankho lake limadalira mtundu wa netiweki. Ya 2G inapangidwira kuyankhula ndi kutumiza mauthenga aafupi, ndipo ndi imene mafoni ambiri a mabatani amadalira. Mlimi akadina *444# kapena *211# kuti atumize ndalama, safuna bandulo ya intaneti. Netiweki ya 4G inapangidwira intaneti yokha. Munthu akaimba, foni yake imatsikira ku 3G kapena ku 2G kuti ayankhule, pokhapokha ngati kampani ndi foniyo zili ndi luso lotchedwa VoLTE, lomwe limasandutsa mawu kukhala deta koma n'kuwapatsa mwayi wodutsa patsogolo. Kuimba kwa pa WhatsApp kulibe mwayi umenewo. Nsanja imakuona chimodzimodzi ndi kanema wa nyimbo amene mnyamata wina akuonera pamsika, ndipo anthu akachuluka, zonse zimapanikizana limodzi, mawu n'kumaduka. Opalasa mabwato pa Mtayamoyo amadziwa kuti anthu akadzadza padoko, wodwala ndiye amayamba kukwera, matumba a chimanga n'kudikira ulendo wotsatira. Netiweki ya kudera ngati Makhanga iyenera kukonzedwa ndi nzeru yomweyo.

Kwa munthu wa ku Area 47 ku Lilongwe foni ikaduka amangoimbanso, koma ku Makhanga nkhani yake ndi ina. Derali lili pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo madzi a kumapiri a Mulanje ndi Thyolo amathera kumeneko. Kuyambira 1997, madzi ataononga njanji ndi msewu cha ku Chiromo, ulendo wa ku Bangula unasanduka wa pabwato. Mu Januwale 2015 Ruo anasefukira n'kudzipatsa njira yatsopano, Makhanga anasanduka chilumba, sitima ya ku Limbe inaleka kufika, ndipo thandizo linkabwera pa ndege ya helikopita ndi pa maboti. Madzi anabweranso mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, ndi mu Malichi 2023 ndi Freddy, yemwe anasamutsa anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo cha kummwera. Pa masiku ngati amenewa, chimene chimapulumutsa moyo ndi uthenga waufupi: woyang'anira mulingo wa madzi kumtunda akuimbira komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi kuti mtsinje wakwera, bambo ali pamtengo akuuza opulumutsa pamene ali, wazaumoyo akupempha boti loti mayi woyembekezera akafike ku chipatala cha Trinity ku Fatima. Mauthenga onsewa amakwana m'mawu a miniti imodzi, ndipo miniti imeneyo siyenera kulimbirana malo ndi makanema.

Palinso nkhani ya magetsi, imene omanga foni yapansi anaiganizira kalekale. Namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita chaka choposa chimodzi asanabwezeretsedwe. Mitengo ya magetsi ikagwa m'chigwa, nsanja imadalira mabatire, sola kapena jenereta, ndipo msewu ukaduka palibe galimoto yokaperekera dizilo. Kumbali ya woimba nakonso, foni ya mabatani imatha masiku angapo isanatchajidwe, pamene foni yamakono yoyatsa intaneti nthawi zambiri imafuna kutchajidwa tsiku lililonse. Pa msasa wa anthu othawa madzi, pomwe sola imodzi imadikiridwa ndi mudzi wonse, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Choncho kuteteza mawu kumatanthauza zinthu ziwiri: malo ake pa netiweki, ndiponso mphamvu yokwanira kuti nsanja isazime. Mabatire akayamba kutha, nsanja ikhoza kukonzedwa kuti iyambe yazimitsa zodya magetsi ambiri n'kusunga kuimba ndi mauthenga aafupi mpaka kumapeto.

Ena anganene kuti maganizo amenewa ndi obwezera anthu m'mbuyo. Amati lero zonse zili pa intaneti, kuimba pa WhatsApp kumatsika mtengo kusiyana ndi mayunitsi, ndipo chithunzi cha mlatho wokokoloka chimafotokoza bwino kuposa mawu. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe akunena kuti Makhanga akhale ndi 2G yokha. Mwana wa sukulu wa kumeneko akufunika intaneti monga mnzake wa ku Zomba. Wogulitsa mpunga wa ku Muona akufuna kudziwa mitengo ya ku Blantyre asanakweze katundu, ndipo machenjezo a Nthambi Yoona za Nyengo amayenda mwachangu m'magulu a WhatsApp. Koma kuti munthu alandire chenjezo loterolo pamafunika foni yamakono, bandulo yomwe sinathe, batire lodzadza komanso luso lowerenga. Agogo amene ali ndi foni ya mabatani yomwe anawagulira mdzukulu alibe zonsezi, koma amadziwa kudina batani lobiriwira foni ikalira. Bandulo nayonso ili ndi msonkho wapadera wa 10 peresenti umene boma linaika mu 2015. Njira yochenjezera anthu yomwe imayamba yafunsa ngati munthu wagula bandulo imasiya kunja osauka ndi okalamba, omwenso ndi amene amachedwa kuthawa madzi.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyambacho. Kusunga 2G, 3G ndi 4G pa nsanja imodzi kumadya ndalama, magetsi ndi mafunde omwe akanathandiza kuti intaneti ithamange, ndipo mayiko ambiri akuzimitsa netiweki zakale. Boma la South Africa linalengeza cholinga chothetsa 2G ndi 3G pofika kumapeto kwa 2027, ndipo tsiku lina Malawi adzayenda njira yomweyo. Kukana zimenezi n'kudzinamiza, chifukwa zipangizo zakale zidzasowa pamsika. Koma zimene zinachitika ku Australia mu 2024 zikutiphunzitsa kusamala. Pozimitsa 3G, kunapezeka kuti mafoni ena a 4G ankadalira netiweki yakaleyo poimba nambala ya ngozi, ndipo boma linachita kulowererapo. Ngati dziko lolemera choncho linatsala pang'ono kusiya anthu opanda poitanira thandizo, kuli bwanji dera lomwe mafoni ambiri ndi otsika mtengo ndipo ena ndi ogula m'manja mwa ena? Chofunika kuteteza ndi mwayi woimba, kaya udutsa pa luso lakale kapena latsopano. Netiweki yakale izimitsidwe pokhapokha zitatsimikizika kuti anthu a m'deralo ali ndi mafoni oimba pa yatsopanoyo, pa mtengo umene angakwanitse.

Palinso amene amafunsa kuti n'kuonongeranji ndalama ku Makhanga pomwe boma lakhala likuuza anthu kuti asamukire kumtunda. Kusamuka n'kwanzeru, ndipo mabanja ambiri anavomera. Koma nthaka yachonde ili kumunsi, madimba ali kumeneko, nsomba zili kumeneko, ndipo ngakhale wosamuka amatsikirabe kumunda m'mawa uliwonse. Munthu amene nyumba yake ili kumtunda koma ali m'dimba pakati pa Shire ndi Ruo mtsinje ukamakwera, ndi amene akufunikira foni yolira kuposa wina aliyense. Nsanjanso siyenera kumangidwa m'matope. Ikhoza kuima pamalo okwera n'kumatumikira midzi yatsopano ndi minda yakale nthawi imodzi. Kumana dera netiweki yodalirika pofuna kukakamiza anthu kusamuka n'kuwalanga ndi ngozi yomwe tikuti tikuwateteza nayo.

Njira zochitira zimenezi zilipo kale. Lamulo la zoulutsa mawu ndi kulumikizana la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, lomwe ntchito yake ndi kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera omwe makampani saonako phindu. Tsidya la kum'mawa kwa Shire liyenera kukhala pamwamba pa mndandanda wa thumbalo. MACRA ikhoza kuika m'ziphaso za makampani kuti nsanja za m'madera osefukira zikhale ndi sola ndi mabatire okwana masiku angapo. Ikhoza kulamulanso kuti boma likalengeza za ngozi, foni ya kampani imodzi iziloledwa kuimba pa nsanja ya kampani ina ngati yake yagwa, ndiponso kuti machenjezo a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA azifika pa foni iliyonse ya m'deralo, ya mabatani kapena yamakono, popanda bandulo. Mawayilesi a m'dera monga Gaka ndi Nyanthepa nawo amadalira anthu oimba kuchokera m'midzi kuti adziwe komwe madzi afika, choncho netiweki yolimba imalimbitsanso wayilesi.

Aphungu a Nsanje ndi Chikwawa, makhansala ndi mafumu akamakumana ndi akuluakulu a MACRA ndi a makampani a mafoni, asamangofunsa kuti 4G ifika liti. Afunsenso kuti nsanja ya kwawo imatha maola angati magetsi atazima, kuti anthu akachuluka pa netiweki chimayamba kudutsa n'chiyani, komanso kuti foni ya mabatani idzagwirabe ntchito mpaka liti. Mayankho a mafunso amenewa aperekedwe molemba, ndipo aperekedwe mvula isanayambe.