Parole yabwera, nanga masiku a munthu awerengedwa bwanji?



Uthengawu ndi wautaliko, mutikhululukire pa bandulo. Koma uwerengeni mpaka pansi musanautumize kwina, chifukwa ukukhudza aliyense amene ali ndi m'bale ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba kapena ku Mzuzu, komanso aliyense wa ife amene angagone m'chitolokosi mawa lino.

Mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ndende, lolowa m'malo mwa lija la atsamunda la m'ma 1950. Chimodzi mwa zatsopano zomwe labweretsa ndi parole. Kwa amene mawuwa ndi achilendo: parole ndi kutulutsa mkaidi chilango chake chisanathe, kuti masiku otsalawo akamalizire kunyumba, koma atapatsidwa malamulo oti azitsatira. Musasokoneze ndi chikhululukiro cha pulezidenti chija timamva pa 6 July kapena pa Khirisimasi. Wokhululukidwa wapita, basi. Wa parole akadali womangidwa, kungoti chingwe chake achitalikitsa, ngati mbuzi ya padambo.

Ife parole taivomereza. Ndende zathu zikusunga anthu oposa kawiri chiwerengero chomwe zinamangidwira. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka, ndipo mpaka lero anthu akugonabe chokhala, mawondo pachifuwa. Ndiye njira iliyonse yotulutsira anthu sitingaikane. Koma oombera m'manja ambiri akungoyang'ana khomo lotulukira. Ife funso lathu lili pa khomo lobwererera. Munthu akaphwanya limodzi mwa malamulo a parole n'kumubwezera kundende, masiku amene anakhala kunja aja awerengedwa, kapena alowa m'madzi?

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi masamu a sitandade 4 awa. Tinene kuti khoti lagamula mnyamata zaka 6. Wakhala mkati zaka 3, khalidwe labwino, ndipo amutulutsa pa parole. Kunja wakhala zaka 2 osapalamula kanthu, mwezi ndi mwezi akukasayina komwe anamuuza. Kenako wajomba kawiri. Amugwira. Ngati masiku a kunja amawerengedwa, watsala ndi chaka chimodzi, ndipo chilango chonse chithera pa zaka 6 zomwe woweruza ananena. Koma ngati sawerengedwa, mnyamatayo abwerera kukayambira pomwe anasiyira, zaka 3 zathunthu. Podzatuluka adzakhala atatha zaka 8 ali m'manja mwa boma. Zaka ziwiri zoonjezerazo palibe woweruza amene wazigamula, palibe mboni yaitanidwa, palibe mlandu watsopano. Zangobadwira mu kaundula wa mu ofesi. Ndipo akadzamutulutsanso n'kuphonyanso, masamu omwewo abwerezedwa, mpaka chilango cha zaka 6 chimutsata munthu zaka 10.

Izi sitikulota ayi. Mayiko amene akhala ndi parole kwa nthawi yaitali anadutsamo kale, ndipo America ndi malo abwino ophunzirirapo, chifukwa kumeneko chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, ndiye njira zonse ziwiri zinayesedwa pa anthu enieni.

M'makhoti a boma lalikulu la dzikolo parole anaithetsa pa milandu yopalamulidwa kuyambira November 1987, n'kuikapo dongosolo loti munthu akatuluka aziyang'aniridwa kwa zaka zingapo. Lamulo lake silipsatira: woweruza akhoza kumubwezera munthuyo m'ndende osawerengera nthawi imene wakhala akuyang'aniridwa kunja. Ku Pennsylvania anasiyanitsa anthu awiri. Wopezeka wolakwa pa mlandu watsopano akhoza kutaya masiku onse a kunja. Koma wongophwanya malamulo a parole masiku ake okhala bwino amawerengedwa, ndipo kubwerera kwake kuli ndi malire: miyezi 6 ulendo woyamba, miyezi 9 wachiwiri, chaka chimodzi wachitatu. New York ndiye inali ndi mbiri yoipa yotsekera anthu pa zinthu ngati kufika mochedwa kunyumba usiku kapena kuphonya tsiku lokaonana ndi womuyang'anira. Mu September 2021 bwanamkubwa Kathy Hochul anasayina lamulo lotchedwa Less Is More. Tsopano zolakwa zambiri zing'onozing'ono sizibwezeranso munthu kundende, zomwe zimabwezera sizipitirira masiku 30, ndipo masiku 30 aliwonse amene munthu wakhala osalakwa amamudulira masiku 30 pa nthawi yake yotsala.

Anafika pamenepo atapsa kale zala. Kafukufuku wa bungwe la Council of State Governments wa mu 2019 anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse olowa m'ndende za m'zigawozo, pafupifupi 25 amalowa chifukwa chophwanya malamulo a kuyang'aniridwa, osati chifukwa cha mlandu watsopano. Ndiye kuti njira yomwe anaikonza kuti ipungule ndende inasanduka paipi yodzaziranso ndende zomwezo.

Tsopano bweretsani nkhaniyi kuno kwathu. Malamulo omwe wa parole amapatsidwa kulikonse amafanana: uzikaonekera kwa okuyang'anira pa tsiku loikika, ukhale ndi malo odziwika, usasamuke kapena kutuluka m'dera lako popanda chilolezo, ndipo kawirikawiri upeze chochita. Papepala n'zomveka. Koma taganizirani munthu wa kumudzi kotalikira, amene kuti akafike paboma afunika kabaza kenako minibasi, kupita ndi kubwera, mwezi uliwonse. Mafuta akasowa mitengo ya ulendo imakwera tsiku lomwelo. Mvula ikagwa mlatho wapita. Mwana akadwala ndalama ya ulendo ija yathera pa mankhwala. Nanga wa m'tauni? Mwini nyumba akangomva kuti uyu wachokera ku Chichiri, katundu panja, ndipo malo odziwika aja asintha usiku umodzi. Ganyu ikapezeka ku esiteti ya fodya boma lina, apite kapena akhale ndi njala podikira kalata ya chilolezo?

Za ntchito ndiye tisayambe n'komwe. Ena a ife pa gulu lino tili ndi madigiri, nsapato zatha ndi kuzungulira ndi maenvulopu, ndipo sitinaponde khomo la ndende. Wotuluka ku Maula amulemba ndani?

Apa ndi pomwe pali ngozi. Malamulo otere bwana wakuba ndalama za boma sangawaphwanye. Ali ndi galimoto, ali ndi nyumba ya mpanda yomwe palibe angamuthamangitsemo, ali ndi loya womukumbutsa tsiku. Amene aphwanye ndi wakuba nkhuku uja, osati chifukwa cha mwano koma chifukwa cha thumba. Ngati kuphonya kulikonse kudzatanthauza kubwerera kukamaliza zaka zonse, masiku a kunja osawerengedwa, ndiye kuti awiri opatsidwa zaka zofanana ndi khoti limodzi adzagwira ukaidi wotalika mosiyana, ndipo kusiyanako kudzakhala mtengo wa minibasi.

Tikudziwa ena mwayamba kale kulemba yankho: nanga akatuluka n'kukathyolanso nyumba ya munthu, timusekerere? Ayi. Amene anabedwa, amene anavulazidwa, ndi abale athunso. Wopalamula mlandu watsopano apite kukhoti, aweruzidwe, alandire chilango cha mlanduwo, ndipo abwerere kukamaliza zomwe zinatsala pa chilango choyamba. Chomwe tikukana n'kuika mtanga umodzi munthu wothyola nyumba ndi munthu wochedwa kukasayina. Ndipo ngakhale wothyola nyumbayo, miyezi yomwe anakhala akumvera malamulo asanalakwe inali chilango ndithu. Sanali mfulu. Sakanatha kupita ku Joni kukasaka ganyu ngati anzake, sakanatha kusamuka mmene afunira. Boma silingatenge ufulu wa munthu kwa zaka ziwiri, kenako n'kunena kuti zaka zimenezo kunalibe.

Tili ndi chifukwa chokayikirira, chifukwa masiku a anthu akhala akutayika kale m'dziko muno parole isanabwere. Malamulo oyendetsera dziko, ndime 42, akuti womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48. Lamulo la kazengedwe ka milandu, monga linakonzedwera mu 2010, linaika malire a rimandi: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga ya kupha, ndipo kuonjezera kulikonse kuchokere kukhoti. Funsani aliyense amene anatengerapo m'bale chakudya kundende akuuzani za anthu okhala pa rimandi zaka, fayilo itasowa, wapolisi wofufuza atasamutsidwa. Makhoti athu kawirikawiri amalamula kuti chilango chiyambire tsiku lomwe munthu anamangidwa, ndipo n'zoyamikika. Koma zimadalira kuti woweruza wanena, ndipo zalembedwa pa chikalata chopita kundende. Zikapanda kulembedwa, kundende amawerenga kuyambira tsiku la chigamulo. Eti dongosolo lomwe limasokoneza masiku a munthu amene lamutsekera m'chipinda, ndi lomwe lidzasunge bwino masiku a munthu amene ali kumudzi?

Palinso lina. Kuyambira kale lamulo lathu la ndende lakhala likudulira mkaidi wa khalidwe labwino gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, kotero wa zaka 6 amatuluka pa zaka 4. Masiku amenewo munthu amawagwirira ntchito ali mkati. Asadzafufutidwe chifukwa cha basi yomwe yamusiya ali kunja.

Ndiye kwa a unduna woona za chitetezo cha m'dziko, akuluakulu a ndende ndi onse amene adzagamule za parole, tikupempha izi poyera. Tsiku lililonse lomwe munthu wakhala pa parole akumvera malamulo liwerengedwe ngati tsiku la chilango. Kuphonya kopanda mlandu watsopano kuyambe ndi chenjezo, ndipo ngati kubwerera kundende kuli kofunikadi, kukhale kwa masiku owerengeka odziwika kwa aliyense, osati zaka zonse zotsala. Asabwezedwe munthu asanamvedwe. Khoti lalikulu la ku America linagamula zimenezi mu 1972 pa mlandu wa Morrissey ndi Brewer, kuti munthu auzidwe polemba chomwe walakwa, aone umboni, adziyankhire. Ifenso ndime 43 ya malamulo athu imafuna chilungamo ndi zifukwa zolembedwa pa chiganizo cha boma chokhudza ufulu wa munthu. Masiku odikira kumvedwako nawonso awerengedwe. Kosayinira kukhale pafupi ndi kwawo kwa munthu. Ndipo wotuluka aliyense apatsidwe pepala m'chilankhulo chomwe amamva, lonena tsiku lomwe anamangidwa, masiku omwe wagwira, ndi tsiku lenileni lomwe chilango chake chithere. Bungwe loyendera ndende lija lokhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko lizitiuza chaka ndi chaka kuti abwezedwa angati, ndipo mwa iwo ndi angati analibe mlandu watsopano.

Kwa inu anzathu, pali zoti tichite osadikira aliyense. M'bale wanu akamangidwa, lembani tsiku ndi polisi yake m'kope, osati mufoni mokha, mafoni amasowa. Lembaninso tsiku lililonse lomwe wapita kukhoti. Pa tsiku la chigamulo, akapatsidwa mpata wodandaula, muuzeni anene yekha mokweza kuti akupempha chilango chiyambire tsiku lomwe anamangidwa, ndipo atchule tsikulo. Ngati rimandi yapitirira malire, pitani ku Legal Aid Bureau kapena funsani alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI omwe amayendera ndende. Ndipo phungu wa kwanu akabwera kumaliro kapena kumpira, mufunseni masamu aja a zaka 6, kuti kwa iye yankho ndi 6 kapena 8. Zomwe ayankhe titumizireni pa gulu pano.

Tumizani kwa ena.