Kafukufuku wa mipingo akuthera m'mashelefu

M'chaka cha 1997, Dr Isabel Apawo Phiri adatulutsa buku lofotokoza za moyo wa amayi achichewa mumpingo wa CCAP, sinodi ya Nkhoma. Koma kodi ndi amayi angati a Chigwirizano ku Mponela kapena ku Nathenje amene adaliwerenga? Bukulo ndi la m'Chingerezi, chozama ndithu.

Umu ndi momwe zimakhalira ndi kafukufuku wambiri wa zachipembedzo. Wophunzira amapita kumudzi, kucheza ndi agogo ndi akulu ampingo, n'kukalemba zonse m'chiyankhulo chomwe eni nkhaniwo sachimva. Digiri ikapezeka, basi nkhani yathera pomwepo.

Aphunzitsi a ku Chancellor College ku Zomba, monga Klaus Fiedler ndi Kenneth Ross, atayambitsa mabuku a Kachere m'zaka za m'ma 1990, padabweranso timabuku ta Mvunguti, tolembedwa m'ziyankhulo zathu. Ganizo lidali labwino, koma kusindikiza n'kwina, kufikitsa kwa anthu n'kwinanso. Sitolo za mabuku n'zosowa m'matauni ang'onoang'ono, ndipo banja lomwe likusaka ya feteleza silingayambe lagula buku.

Komatu kabuku kakang'ono si kodelera. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idali ya masamba ochepa, idawerengedwa m'matchalitchi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo chaka chotsatira Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Kalatayo idayenda chifukwa mpingo udainyamula wokha. Masinodi ndi madayosizi, omwe ali ndi abusa ndi akatekisiti pafupifupi paliponse, angathe kumagula timabukuti tambiri nthawi imodzi n'kumatigulitsa pakhomo la tchalitchi Lamulungu mapemphero akatha.