Galu Aliyense Alandire Katemera

M'Kalingalinga muli agalu ambiri. Usiku amalonda nyumba. Masana amasewera ndi ana. Amphaka nawonso amagwira makoswe. Ziweto izi zimathandiza anthu. Conco eni ake ayenera kuzisamalira. Cisamaliro coyamba ndi katemera wa ciwewe.

Ciwewe ndi matenda oopsa. Kacilombo kake kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Galu wa ciwewe akaluma munthu, kacilombo kamalowera pa cilonda. Kenaka kamayenda pang'onopang'ono mpaka ku ubongo. Zizindikiro zikayamba kuoneka, palibe mankhwala ociritsa. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi ciwewe caka ciliconse. Mwa anthu 10 alionse amene amafa, 4 ndi ana osakwana zaka 15.

Komabe, eni agalu ena amakana katemera.

Wina amati, "Galu wanga sacoka pa yadi." Koma m'komboni nyumba n'zoyandikana. Usiku agalu amakumana m'njira ndi pa zinyalala. Galu mmodzi wodwala angathe kuluma agalu ena ambiri.

Wina amati, "Nyeleti ifooketsa galu. Sazakalipa futi!" Izi si zoona. Katemera sacotsa mphamvu. Galu wotemeredwa amauwa ndi kulonda monga kale.

Wina amati, "Ndalama kulibe manje." N'zoona kuti ndalama n'zovuta. Koma galu amalasidwa nyeleti imodzi pa caka. Munthu wolumidwa amalasidwa nyeleti zingapo, pa masiku osiyana. Amataya nthawi ya nchito kapena ya sukulu. Kuteteza galu n'kocipa kuposa kuciritsa munthu.

Thandizo silili kutali. Ku UNZA, pafupi ndi Kalingalinga, kuli sukulu ya madokotala a ziweto. Kumeneko kuli cipatala ca agalu ndi amphaka. Kagalu kakakwanitsa miyezi 3, kangalandire katemera. Dokotala amaperekanso mankhwala a njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi mphere. Lamulo la Zambia nalonso limafuna kuti galu atemeredwe ndi kulembetsedwa ku khonsolo.

Nanga mwana akalumidwa acite ciani? Asabise poopa kukalipiridwa. Auze makolo kapena aphunzitsi nthawi yomweyo. Atsuke cilonda ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Asaikepo ubweya wa galu, phulusa kapena dothi. Tsiku lomwelo apite ku kiliniki. Mphaka akamuluma kapena kumukanda, acitenso cimodzimodzi.

Wolumidwa akalandira katemera msanga, amapulumuka. Mu 1885, galu wa ciwewe analuma mnyamata wa zaka 9. Dzina lake anali Joseph Meister. Katemera amene anapanga Louis Pasteur anamupulumutsa. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895. N'cifukwa cake pa 28 September caka ciliconse, dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi ciwewe.

Akatswiri amati agalu 7 mwa agalu 10 alionse akatemeredwa, ciwewe cimaleka kufalikira. Banja limodzi silingakwanitse lokha. Pafunika nyumba zonse za m'komboni. Munthu amene akana kutemera galu wake amaika ana ake ndi ana a anansi ake pa ngozi. Wofuna kuweta galu avomerenso kumupereka ku katemera caka ndi caka.

Mafunso
1. Kodi kacilombo ka ciwewe kamakhala kuti?
2. Kodi mwana wolumidwa atsuke cilonda kwa mphindi zingati?
3. Kodi mwana anganene ciani kwa munthu amene akana kutemera galu wake?