Tiwamvere ngakhale sapemphera nafe

Mtumwi Paulo atafika ku Atene sanadzitsekere m'sunagoge. Buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 17, likutiuza kuti tsiku ndi tsiku ankakambirana ndi anthu pamsika, ndipo anthu anzeru a mumzindamo atamutengera ku bwalo la Areopagi, iye sanakane. Ena anamuseka, ena anakhulupirira.

M'dziko mwathu muno muli anthu amene amasonkhana, kuchititsa zokambirana zapoyera ndi kulankhula pawailesi, nanena kuti nkhani iliyonse iyesedwe ndi umboni. Ambiri mwa iwo sakhulupirira kuti kuli Mulungu, ndipo pa mfundo imeneyi sitigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Koma tinene zoona. Pamene bungwe la Association for Secular Humanism, motsogozedwa ndi a George Thindwa, linkayendera ndende m'chaka cha 2011 kumenyera ufulu agogo omangidwa pa milandu ya ufiti, mipingo yambiri inali chete. Chonsecho lamulo la ufiti la mu 1911 linaletsa kale kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Kumbukirani za ku Neno mu Januwale 2016. Mphenzi inapha mtsikana, ndipo anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Anthu a sayansi amatiuza kuti mphenzi ndi mphamvu ya magetsi imene imaunjikana m'mitambo ya mvula, ndipo imakonda kugwera mtengo wautali kapena munthu woima poyera. Ilibe khutu lomvera agogo a munthu. Kodi Mkhristu ataya chiyani pomva zimenezi? Ophunzira atafunsa Yesu kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, pa Yohane 9, Ambuye anakana kuwapatsa munthu womuloza chala, m'malo mwake anamuchiritsa wosaonayo.

Ife a kumpoto kuno sitiyenera kuopa sayansi. Dr Robert Laws, amene anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, anali mbusa komanso dokotala, ndipo dzanja limene linkabatiza ndi lomwenso linkachita opaleshoni. Ana athu a sukulu akatsika ku Karonga nakaona mafupa a Malawisaurus m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, amabwera ndi mafunso. Tikawakalipira, mafunsowo satha, amangopita nawo kwa ena, ndipo enawo amawalandira ndi manja awiri.

Pali pamene abale athuwa amalakwitsa. Akamatiika tonse m'dengu limodzi ndi aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, amatinamizira. Ndiponso pamaliro, mayi woferedwa safuna kungodziwa dzina la matenda amene apha mwana wake. Zimenezi tikhoza kuwauza maso ndi maso, mwaulemu, koma pokhapokha titakhala nawo pabwalo limodzi.

Tsono zokambirana zotere zikadzafika kwathu kuno, pa Lufita kapena ku boma la Chitipa, akulu a mpingo apite, amayi a chigwirizano apite, achinyamata asaletsedwe. Ndipo tisadikire alendo. Mvula isanayambe, mpingo uitane mphunzitsi wa sayansi ndi wa zaumoyo, adzafotokoze za mphenzi, za khunyu ndi za matenda oiwalaiwala a okalamba, mafumu ali pomwepo.