Ana Athu a ku Yunivesite ndi Magule a Loweruka

Mudzi wa Simonga uli pa msewu wa Nakatindi, makilomita osakwana 20 kuchokera mu mzinda wa Livingstone polowera ku Kazungula. Ndi mudzi wa anthu olima pa dothi lamchenga, amene chaka china mvula imawakana monga inachitira mu 2024, chaka china njovu zochokera ku nkhalango ya Mosi-oa-Tunya zimawakololera munda wonse usiku umodzi. Ambiri mwa amene ali pa ntchito amagwira ku malo ogona alendo a m'mbali mwa Zambezi: kuphika, kuchapa, kulondera, kuyendetsa maboti. Banja lotere likatulutsa mwana mmodzi wopita ku yunivesite, mwanayo sakhalanso wa bambo ndi mayi ake okha. Abale onse amamuwerengera ngati nkhokwe yawo ya m'tsogolo. N'chifukwa chake dandaulo limene timalimva kawirikawiri m'misonkhano ya Mphakati silofunika kulipeputsa. Makolo akuti ana aja atengeka ndi zoimbaimba. Akuti amatumiza ndalama ya chakudya, kenaka mnansi n'kuwaonetsa chithunzi pa foni, mwana wawo ali pakati pa chikhamu, manja m'mwamba, kutsogolo kwa woimba wina wotchuka.

Tiyambe ndi kunena mosabisa kuti ife sitili m'gulu la amene amaona nyimbo ngati msampha wa Satana. Ife amene tsopano tayamba imvi tinakula ndi kalindula, ndipo pa maukwati athu panalira nyimbo za PK Chishala ndi za Amayenge. Akulu athu anali ndi Zamrock yawo m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Pulezidenti Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za kuno kwathu, ndipo achinyamata ankadzaza maholo kukaonera WITCH, Paul Ngozi ndi Ngozi Family, ndi gulu la Rikki Ililonga limene linadzitcha Musi-O-Tunya, dzina la mathithi athu omwewa. Mwana wa lero akamathamangira Yo Maps, amene anakaimba pa bwalo lalikulu la Heroes ku Lusaka mu May 2023, kapena akamadziwa pamtima mawu onse a Chef 187, sakuchita chachilendo. Akuchita zimene agogo ake anachita, kungoti ng'oma yasintha. Ndipo Malembo Oyera satipatsa mpata woti tinyoze wovina. Pamene mfumu Davide inavina patsogolo pa Bokosi la Chipangano, amene anatsutsidwa si Davide ayi, koma mkazi wake amene anasuzumira pa zenera namupeputsa mumtima. Ifenso makolo tichenjere ndi zenera limenelo.

Vuto lili pena. Kuti tilione bwino, tiyenera kumvetsa moyo umene mwana amaupeza akatsika basi ku Lusaka kapena ku Kitwe, pakuti makolo ambiri a kuno sanauonepo. Ku sekondale, makamaka ku sukulu zathu za mishoni, belu ndi limene limaganizira mwana: belu lodzuka, belu lolowa m'kalasi, belu lowerenga madzulo. Ku University of Zambia, imene inatsegula zitseko zake mu 1966, kapena ku Copperbelt University imene inakhazikitsidwa mu 1987, belu kulibe. Mphunzitsi amalowa m'holo yodzaza ndi ophunzira mazana, amaphunzitsa, n'kutuluka. Sadziwa amene wabwera ndi amene wagona. Palibe amene angamufunse mwana chifukwa chimene sanaonekere Lolemba m'mawa. Koma chilichonse chimalembedwa. Timayeso ta apo ndi apo ndi ntchito zolemba za mkati mwa chaka, zimene ophunzira amazitcha CA, zimaphatikizidwa ndi mayeso akulu omaliza, kotero kuti mwana amene wataya milungu itatu ya pakati amalowa m'chipinda cha mayeso atagwa kale theka. Kwa zaka zambiri, ku UNZA ofuna udokotala kapena uinjiniya ankayamba onse pamodzi chaka choyamba mu sukulu ya sayansi, ndipo zotsatira za chaka chimenecho n'zimene zinkagamula amene apite ku udokotala ndi amene atsale. Tsono chaka choyamba, chimene mwana amaledzera nacho ufulu, n'chomwechonso chimene chimalemera kuposa zonse.

Palinso nkhani ya ndalama, imene ana ena amaimva mochedwa. Thandizo la boma limene makolo akadalitcha basare silili mphatso. Kuyambira 2016 limayendetsedwa ndi bungwe la ngongole za maphunziro apamwamba, la HELSB, ndipo womaliza maphunziro amabweza akayamba ntchito. Ndalama ya chakudya, imene ophunzira amaitcha BC, inachotsedwa mu 2019 ndipo inabwezeretsedwa mu 2023. Tsiku limene ndalamayi yalowa, pa sukulu pamakhala ngati pa Khirisimasi. Mwana amene sanagwirepo ndalama yochuluka chotero m'manja mwake amaona ngati siidzatha. Tikiti ya gule payokha si imene imamusaukitsa. Chimene chimamusaukitsa ndi zonse zimene tikitiyo imakoka pambuyo pake: galimoto yopita ndi yobwerera usiku, chovala choti asaoneke wa kumudzi, chakumwa chake ndi cha anzake, kenaka Lamulungu lonse ali chigonere, Misa yapita, ndipo ntchito yoti apereke Lolemba akuikopera kwa mnzake mbandakucha. Pakutha pa mwezi akudya kamodzi pa tsiku ndi kuimba foni ku Simonga. Paja akulu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu.

Komabe tikanena zonsezi sitinafike pa mutu weniweni. Taona ana okonda nyimbo kwambiri amene anamaliza maphunziro awo bwino lomwe, ndipo taona ena osavina konse amene anabwerako chimanjamanja. Kusiyana kwawo, monga ife tikuonera, sikunali pa nyimbo, koma pa anthu amene ankapita nawo ku nyimboko.

Nkhani imeneyi ndi yakale kuposa magitala. Augustino Woyera, mwana wa Afirika ngati ife, anabadwira m'tauni yaing'ono ya Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Bambo ake sanali olemera. Anamuchotsa pa sukulu chaka chathunthu ali ndi zaka 16 kuti ayambe asonkhanitsa ndalama, ndipo munthu wina wachuma wa m'taunimo ndiye anathandiza kuti mnyamatayo akaphunzire ku mzinda waukulu wa Carthage. Makolo a ku Simonga ayenera kuimva nkhani imeneyi ngati yawo. Ku Carthage Augustino anatengeka ndi masewero a pa bwalo, monga iye mwini akusimbira m'buku lake la Confessions. Koma amene tikufuna kumuyang'anitsitsa ndi mnzake wa kwawo komweko, Alypius. Mnyamatayu anali wofatsa ndi wanzeru, koma anakonda mipikisano ya pa bwalo mpaka maphunziro ake anayamba kulowa pansi. Tsiku lina anakhala m'kalasi imene Augustino, amene tsopano anali mphunzitsi, anaponya nthabwala yoseka anthu ogwidwa ukapolo ndi masewero. Sankanena Alypius, koma Alypius anaitenga ngati yake, ndipo anasiya.

Pambuyo pake anapita ku Roma kukaphunzira zamalamulo. Tsiku lina anakumana ndi anzake a m'kalasi akuchokera kokadya, ndipo anamukoka mwachibwenzi, iye akukana, kupita naye ku bwalo kumene anthu ankamenyana ndi malupanga mpaka kuphana. Alypius anadzidalira. Anawauza kuti thupi lake angalikoke, koma maso ndi mtima sangazikakamize, ndipo atakhala pansi anatsinzina. Makutu okha ndi amene sanathe kutseka. Munthu wina atagwa pa bwalopo, chikhamu chonse chinafuula, Alypius anatsegula maso kuti angoona pang'ono n'kunyoza, ndipo kuyambira pamenepo anasanduka mmodzi wa chikhamucho. Anabwererako kambirimbiri, ndipo tsopano anali iyeyo wokoka ena.

Sitikufanizira gule wa Loweruka ndi bwalo la magazi. Zimenezo zingakhale kunamizira oimba athu, amene ambiri ndi anthu ogwira ntchito yawo mwaulemu. Chimene tikutolapo n'chakuti mnyamata wa makhalidwe abwino, wochokera ku banja labwino, sanagwe chifukwa choipa mtima. Anagwa chifukwa anayesa kuti angathe kuima yekha pakati pa anzake onse akupita kwina. Mwana wathu wa zaka 19, amene ali makilomita oposa 450 kuchokera kwa amayi ake, amene akugona pa bedi limodzi ndi mnzake chifukwa zipinda za pa sukulu n'zochepa, amene amabwereka poto ndi mabuku kwa anzake omwewo, sangakane anzake tsiku lililonse. Kumulamula pa foni kuti asamapite kulikonse kumangomuphunzitsa kubisa. Adzapitabe, koma tsopano sadzatiuza kumene wapita ndi amene wapita naye, ndipo zimenezi n'zimene zili zoopsa.

Anzake abwino amadziwika ndi zinthu zazing'ono. Amayang'ana kaye tsiku la mayeso asanagule tikiti, ndipo gule akagwa pa mlungu woipa amamusiya apite, podziwa kuti woimbayo adzabweranso. Amasonkha ndalama ya galimoto yobwerera asanachoke, n'kuisungitsa kwa mmodzi amene samwa. Amapita asanu n'kubwerera asanu. Mfundo yomalizayi tikuinena makamaka poganizira ana athu aakazi, pakuti pa magule otere sipasowa amuna achikulire a magalimoto, okonzeka kulipira tikiti ndi chakumwa, amene malipiro awo amadzafunsa pambuyo. Mbadwo wathu ukudziwa mtengo wake. Matenda a Edzi anatha oimba ambiri a Zamrock m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamodzi ndi ambiri amene ankawavinira. Mwa anyamata amene anatchukitsa WITCH pachiyambi, watsala ndi Emmanuel Jagari Chanda, amene anasiya gululo likadali pa ulemerero n'kukaphunzira uphunzitsi. Ndipo taonani, mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano ali nkhalamba, akuimbira anthu ku Ulaya ndi ku America. Nyimbo zinamudikira.

Amene amaphunzira pafupi, ku koleji ya aphunzitsi ya David Livingstone kapena ku LIBES, asaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Lusaka kokha. Livingstone ndi mzinda wa alendo, ndipo magule sasowa. Chikondwerero cha Mosi Day of Thunder, chimene dzina lake ndi la mowa, chakhala chikukokera kuno achinyamata ochokera m'dziko lonse, ndipo tsidya la mlatho kwakhala kukuchitika Vic Falls Carnival. Kwa mwana wa ku Simonga pali ngozi ina imene wa ku Lusaka saidziwa: msewu wa Nakatindi umadutsa m'dera la njovu, ndipo wobwerera pa njinga kapena wapansi usiku akuseweretsa moyo wake. Ndi bwino kholo lidziwiretu kuti mwana agona kwa azakhali ake ku Maramba kapena ku Dambwa kusiyana n'kuti aziyenda mumdima pofuna kuti m'mawa apezeke pa mphasa yake ngati sanachoke.

Kwa makolo anzathu tikuti: mukamaimba foni, funso loti «kodi ukupita ku magule?» silikupindulirani kanthu, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. Funsani maina a anzake. Funsani kwawo, maphunziro amene akuchita, ndi kumene amapemphera. Pa tchuthi muuzeni abwere ndi mmodzi, adzadye nsima ya pakhomo panu, mudzamuone m'maso. Mnzake amene wadya m'mbale ya amayi a mnzake savomera msanga kumusiya yekha pa bwalo usiku. Ndipo mwana asananyamuke ulendo woyamba, mupite naye kwa Bambo Mfumu a parishi kuti amulembere kalata yokapereka kwa wansembe woyang'anira ophunzira. Ku UNZA kuli nyumba yopemphereramo ya Christian Centre, kumene ansembe a chipani cha Jesuit atumikira ophunzira Achikatolika kwa zaka zambiri, ndipo kuli kwaya. Mwana wokonda nyimbo akalowa kwaya mlungu woyamba amakhala wapeza anzake amenenso amakonda nyimbo, koma amene Lamulungu m'mawa amayembekezana ndipo amadziwa ngati mmodzi wasowa. Amenewa ndi amene adzamugogodera pa chitseko.

Parishi nazonso zili ndi mangawa pa nkhaniyi. Timakondwerera Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, pa 22 November, koma m'maparishi ambiri wachinyamata akabwera ndi gitala kapena nyimbo yopeka yekha timamuuza kuti adikire akule. Ana a kuno amakula akumva silimba ndi ng'oma zikuimbidwira alendo pa maboti a dzuwa litapendeka, ndipo ambiri ali ndi luso m'manja. Holo ya parishi imakhala yotseka Loweruka lonse la tchuthi cha December, pamene ophunzira athu ali pakhomo ndipo alibe kopita. Makomiti a achinyamata angathe kuitsegula, ophunzirawo aimbe okha, azing'ono awo a Giredi 12 amvetsere ndi kuwafunsa za moyo wa ku yunivesite, gule athe nthawi yoti wa ku Simonga apeze galimoto.

Za Alypius, sanathere pa bwalo lija. Anatsatira Augustino ku Milan, ndipo anali naye m'munda pa tsiku limene Augustino anatembenuka mtima. Awiriwa anabatizidwa pamodzi ndi Ambrose Woyera pa usiku wa Pasaka mu 387, Monica mayi wa Augustino akadali moyo, ndipo patapita zaka zochepa Alypius anabwerera ku Thagaste kwawo n'kukhala episkopi wa kumeneko.