Ndere m'thanki yatsopano ya nsomba za clownfish

Chitulukireni filimu ya Finding Nemo ya kampani ya Pixar mu 2003, kansomba kofiirira ngati lalanje kokhala ndi mizere itatu yoyera, kotchedwa clownfish, kamene akatswiri amakadziwa ndi dzina lakuti Amphiprion ocellaris, ndi kamene anthu ambiri amayambira akafuna kuweta nsomba za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi. Kwawo kwa nsomba za banja limeneli ndi kumatanthwe a coral a m'nyanja za Indian ndi Pacific, ndipo mitundu ina imapezeka m'gombe la Mozambique. Nsombayi ndi yopirira, koma chimene chimagwetsa mphwayi oweta atsopano ndi ndere zimene zimakuta galasi, mchenga ndi miyala thanki isanathe ngakhale mwezi.

Thanki yatsopano imakhala ilibe mabakiteriya okwanira owoletsa zonyansa. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsalira zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni, ndipo mabakiteriya a mtundu wina amamusandutsa nitrite, amenenso ndi woopsa, kenaka ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene sapha msanga koma ndi chakudya cha ndere. Kuti mabakiteriyawa akhazikike pamatenga masabata 4 mpaka 6, choncho woika nsomba nthawiyi isanakwane amakhala akuiika m'madzi owotcha makha ake, ziwalo zimene nsomba imapumira.

Ndere zimabwera motsatana. Zoyamba ndi ma diatom, tizomera ta selo imodzi timene timaoneka ngati fumbi lofiirira pamchenga ndipo timamanga zikamba zake ndi silica wochokera mumchenga watsopano kapena m'madzi a pampopi. Silica akatha, nato timazimiririka tokha, ndipo kuthira mankhwala pa nthawi imeneyi ndi kuwononga ndalama chabe. Zovuta kwenikweni ndi ndere zobiriwira zonga tsitsi zimene zimamera pamiyala, komanso utoto wofiira woterereka wotchedwa cyanobacteria, umene kwenikweni ndi mabakiteriya ndipo umakonda malo amene madzi sakuyenda bwino. Zonsezi zimakula ndi nitrate, phosphate ndi kuwala, ndipo gwero lalikulu la nitrate ndi phosphate ndi dzanja la mwini thanki, amene amaona ngati nsomba zothamangira kugalasi zili ndi njala nthawi zonse.

Njira yodalirika ndiyo kuzimana ndere chakudya. Nsomba zipatsidwe chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, nyali ziyake maola osapitirira 8 patsiku, ndipo sabata iliyonse gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi lisinthidwe ndi madzi osefedwa ndi makina a reverse osmosis, amene amachotsa silica ndi phosphate. Mchere uyenera kukhala pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, ndipo kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 27. Madzi akaphwa, owonjezerawo akhale opanda mchere, pakuti mchere suuluka ndi nthunzi, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Nkhono za mtundu wa Trochus ndi Turbo zimapala ndere pagalasi ndi pamiyala, koma kugula zambiri thanki ikadali yatsopano kumachititsa kuti zife ndi njala ndere zikatha, n'kuwolera momwemo.

Chiyeso china ndi anemone, kanyama kooneka ngati duwa kokhala ndi timanja toluma, kamene clownfish imabisalamo m'nyanja popeza thupi lake lili ndi mamina oiteteza. Anemone imafuna kuwala kwamphamvu ndi madzi okhazikika a m'thanki imene yatha miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo ikafa imaipitsa madzi onse m'kanthawi kochepa. Clownfish zoswedwera m'mathanki, zimenenso kugula kwake sikutha nsomba za m'nyanja, zimakhala bwino popanda anemone, mwinanso kuikira mazira pamwala kapena mumphika wadothi. Wofuna kuti ziswane agule ziwiri zazing'ono za mtundu umodzi, chifukwa nsombazi zimayamba zili zazimuna, ndipo yokula kwambiri ndi imene imasanduka yaikazi n'kumalamulira inzakeyo.